Oyilo wa giyabokosi ya otomatiki m'pikapu: njira yoyenera yomusinthira ndi iti?

Eni mapikapu ambiri adaloweza pamtima makilomita omwe amasinthira oyilo wa injini, koma ukawafunsa za oyilo wa giyabokosi amangokanda m'mutu. Pa galimoto yosintha giya pamanja, kuiwala kotereku sikupweteka msanga. Pa otomatiki ndi nkhani ina, chifukwa oyilo wa mmenemo, yemwe pazigubu amalembedwa kuti ATF, ntchito yake si yofewetsa zitsulo yokha. Ndiye amanyamula mphamvu ya injini n'kuipereka ku giyabokosi kudzera m'chipangizo chotchedwa torque converter, ndiye amakankha timakilatchi tomwe timalowetsa giya, ndiyenso amatola kutentha n'kukakusiya ku radiyeta. Akafooka, ntchito zonsezi zimafookera limodzi.

Chomwe chimakalambitsa oyiloyu ndi kutentha. Pikapu ikamayenda bwino pamsewu wosalala, oyilo amakhala pa madigiri a m'ma 80 kapena 90. Ikamakwera chitunda pang'onopang'ono itasenza matumba a feteleza, kapena ikamakoka kalavani, torque converter imazungulira mosagwirana kwenikweni ndi injini ndipo mphamvu yotayikayo imasanduka kutentha. Yemwe amakwera Thabwa kuchokera ku Chikwawa m'mwezi wa Okutobala, kapena Khwekhwelele ndi Chiweta galimoto itadzaza, akuugwiritsa ntchito yowawa oyilo wake. Chimodzimodzi yemwe amatitimira mumchenga ndi m'matope, ngakhalenso wa m'tauni amene m'mawa uliwonse amakwawa pamndandanda wa galimoto mumsewu wa Masauko Chipembere. Mabuku a opanga galimoto amaika kayendedwe konseka m'gulu la ntchito yolemetsa, yomwe imafuna sevisi ya pafupipafupi.

Chimene chasokoneza anthu ndi mawu akuti giyabokosi za masiku ano n'zomata ndipo oyilo wake ndi wa moyo wonse wa galimoto. Mawuwa ngofunika kuwamva mochenjera. Kampani ya ZF ya ku Germany, yomwe giyabokosi yake ya giya 8 ili mu Volkswagen Amarok yoyamba ija, idalangizapo kuti komwe galimoto ikugwira ntchito yolemetsa oyilo azisinthidwa pakati pa makilomita 80 000 ndi 120 000, kapena pasanapitirire zaka 8. Ku America, Toyota imauza eni Tacoma okoka kalavani kuti asinthe oyilo pa mamailosi 60 000, omwe ndi makilomita pafupifupi 96 000. Choncho funso lofunika kwa mwini pikapu kuno kwathu, komwe galimoto zambiri zimafika zitayenda kale ku Japan, ku Britain kapena ku South Africa, n'lakuti oyiloyo asinthidwe motani.

Yambani mwaona oyilo yemwe alimo

Njira yosinthira imasankhidwa potengera momwe oyilo wakale alili komanso mbiri ya galimotoyo. Oyilo watsopano wa mitundu yambiri amakhala wofiira ndi woonekera. Akamakalamba amadera, ndipo kuderako pakokha si umboni wa vuto, poti mitundu ina imasintha maonekedwe msanga ikadali yamphamvu. Chodetsa nkhawa ndi oyilo wakuda bii wonunkha chopserera, kapena wokhala ndi tizitsulo tonyezimira mukamudonthezera papepala loyera. Akaoneka ngati wasakanizidwa ndi mkaka, ndiye kuti mwalowa madzi, mwina powoloka mtsinje nthawi ya dzinja kapena chifukwa kachipangizo kozizira oyilo ka m'kati mwa radiyeta kabooka. Vuto lachiwirili lidadziwika kwambiri pa Nissan Frontier, Pathfinder ndi Xterra za ku America za zaka za 2005 mpaka 2010. Madzi amamatula zomatira za timakilatchi, kotero galimoto yotere siyenera kuyendanso mpaka gwero la madziwo litapezeka.

Mvetseraninso kayendedwe. Ngati mukalowetsa D kapena R galimoto ikuchedwa kugwira, ngati injini ikulira koma liwiro silikukwera, kapena giya zikulowa mogunda, makaniko ayambe waunika ndi kompyuta asanakhetse dontho ndi limodzi lomwe. Oyilo watsopano sabwezeretsa kilatchi yomwe yatha kale.

Njira zosinthira

Njira yophweka ndi yokhetsa ndi kuthiranso: kumasula bawuti ya pansi pa sampu ya giyabokosi, kusiya oyilo atuluke, kumuyeza, kenako kuthira watsopano wofanana ndi yemwe watuluka. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti oyilo wotuluka apa ndi wochepa. Giyabokosi ya pikapu imasunga malita 10 kapena kuposerapo, koma pabawutipo pamatuluka malita atatu kapena anayi okha. Wotsalayo amakhala mu torque converter, m'mapaipi ndi m'timipata ta m'kati.

Masamu ake ndi awa. Ngati ulendo uliwonse mukutulutsa gawo limodzi mwa magawo atatu, mukakhetsa koyamba oyilo wakale amatsala pafupifupi 67 peresenti. Mukayenda masiku angapo kuti asakanikirane n'kukhetsanso, amatsala 44 peresenti. Kachitatu amatsala pafupifupi 30 peresenti. Kupitiriza apa n'kuwononga ndalama, chifukwa zambiri zomwe mukutaya tsopano ndi oyilo watsopano yemwe mwagula dzana. Ubwino wa njirayi ndi woti oyilo amasintha pang'onopang'ono, palibe chomwe chikuvundulidwa m'kati, ndipo mwini galimoto ali ndi mpata womvetsera mmene giya zikulowera asanapite patsogolo. Kwa pikapu yogulidwa kwa munthu wina popanda buku la sevisi, makamaka yomwe yadutsa makilomita 150 000, iyi ndiyo njira yoyambira.

Njira ina ndi yotsitsa sampu yonse. Iyi imatulutsa oyilo wochulukirapo pang'ono, koma phindu lake lenileni ndi loti mumaona za m'kati. Pansi pa sampu pamakhala maginito ogwira tizitsulo. Phala lotuwa losalala pamaginitopo ndi lachibadwa. Tizidutswa tomwe mungatimve ndi chala ndi chenjezo. Apa ndi pomwenso sefa imasinthidwa limodzi ndi gasiketi. Giyabokosi zina sizikupatsani mwayi wosankha: 6R80 ya giya 6 yomwe ili mu Ford Ranger zambiri zopangidwa ku Silverton mumzinda wa Pretoria kawirikawiri imabwera yopanda bawuti yokhetsera, ndipo pa giyabokosi zambiri za ZF sefa idamangidwira kumodzi ndi sampu ya pulasitiki, kotero mumagula zonse pamodzi. Ntchitoyi imafuna ukhondo woposa wa pamalo ambiri okonzera galimoto. Ulusi wa kansanza kapena fumbi la pabwalo zikalowa mu valve body, momwe muli timipata tating'ono totsogolera oyilo, giya zimayamba kusokonekera. Timabawuti ta sampu natonso sitifuna dzanja lolemera, ndipo kupaka silikoni wambiri m'malo mwa gasiketi ndi chizolowezi choipa chifukwa wofinyikira m'kati amakatseka sefa.

Kenako pali kusintha oyilo yense ndi makina. Makinawa amalumikizidwa kumapaipi opita ku radiyeta, injini ikulira, ndipo pamene pampu ya giyabokosi ikutulutsa oyilo wakale, makina amalowetsa watsopano pamlingo womwewo. Pafupifupi oyilo yense amasinthika tsiku limodzi, ngakhale kuti pamapita malita ochulukirapo kuposa omwe giyabokosi imasunga. Kwa galimoto yomwe mbiri yake ikudziwika, oyilo wake sadapserere ndipo giya zikulowa bwino, njirayi ilibe cholakwika. Funsani zinthu ziwiri kugalaja: ngati makinawo adatsukidwa atagwiritsidwa ntchito ndi oyilo wa mtundu wina, komanso ngati akudziwa kuti giyabokosi zambiri zatsopano zili ndi kavalavu komwe sikalola oyilo kupita kozizirira mpaka atatentha. Kavalavuko kakakhala kotseka, makina sagwira ntchito monga mmene wolipira akuganizira. Dziwaninso kuti makina sasintha sefa.

Chosiyana ndi zonsezi ndi kutsuka ndi mankhwala, komwe amathira zosungunulira litsiro kapena kukankha oyilo ndi mphamvu ya makina. Magalaja ena amaitchula ntchitoyi ndi dzina limodzi ndi yosintha oyilo yense, ndiye nkofunika kufunsa bwino chomwe akufuna kuchita. Mankhwala amatha kusiya zotsalira, kuumitsa kapena kutupitsa timalabala, ndi kumatula litsiro lomwe lidakhazikika n'kulipititsa mu valve body. Opanga galimoto angapo, kuphatikizapo Honda, adachenjezapo za kutsuka kotere. Palibe chifukwa chomveka choti mwini pikapu alipirire ntchito imeneyi.

Pakati pa amakaniko pali chikhulupiriro chakuti oyilo yemwe wakhalitsa asakhudzidwe chifukwa akasinthidwa giyabokosi imafa. Muli kachoonadi mmenemu, koma kachepa. Timakilatchi tikaperepeseka kwambiri, fumbi lake lomwe limasungunuka mu oyilo wakale limathandiza kuti tizigwirabe, ndipo oyilo watsopano akalowa kuterereka kumaonekera poyera. Komanso anthu ambiri amakumbukira zosintha oyilo pamene galimoto yayamba kale kuvuta, ikafa patapita mwezi n'kuloza chala sevisiyo. Giyabokosi yotere idali itatha kale. Yomwe ili bwino siwonongeka ndi oyilo woyenera wothiridwa pamlingo woyenera.

Mtundu wa oyilo ndi mlingo wake

Kulakwitsa mtundu wa oyilo kumawononga giyabokosi zambiri kuposa kulakwitsa njira. Kale zinthu zidali zosavuta. General Motors idatulutsa oyilo wa Dexron m'chaka cha 1967, Ford idabwera ndi Mercon mu 1987, ndipo galimoto zambiri zinkamwa umodzi mwa mitundu iwiriyi. Mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, mu oyilo wa otomatiki munkathiridwa mafuta a anamgumi kuti timakilatchi tizigwira mosalala, mpaka malamulo oteteza nyamazi ataletsa. Lero giyabokosi iliyonse ili ndi wake. Hilux ya giya 6 yomwe idayamba kutuluka mu 2015 imafuna Toyota ATF WS, pamene zambiri zakale za giya zinayi zimafuna T-IV kapena Dexron, ndipo Toyota salola kusinthanitsa WS ndi T-IV. Ranger ya 6R80 imafuna Mercon LV, koma ya giya 10 imafuna Mercon ULV, yemwe ndi wopyapyala kwambiri. Navara D40 imafuna oyilo wa Nissan wa Matic J kapena Matic S.

Zigubu za Dexron II ndi III zomwe zadzaza m'mashopu a zipangizo za galimoto n'zofiira ngati ena ambiri, ndipo zimakopa chifukwa cha mtengo, koma si za giyabokosi za giya 6 kapena 10. Oyilo wa CVT, wa galimoto zing'onozing'ono zochokera ku Japan, asayandikire n'komwe. Dzina la oyilo woyenera lili m'buku la galimoto, ndipo pa zakale nthawi zambiri lidadindidwa pa dipstick. Popeza galimoto za dzina limodzi zimasiyana malinga ndi dziko lomwe zidapangidwira, wogulitsa wodalirika amafunsa nambala ya chasisi asanakupatseni chigubu. Onetsetsani kuti chigubucho chikutsegulidwa inu mukuona.

Chomaliza ndi mlingo, ndipo apa ndi pomwe ntchito yabwino imaonongekera. Oyilo wa otomatiki amafufuma akatentha, choncho amayezedwa injini ikulira, galimoto itaima pamalo osapendekeka, giya zonse zitalowetsedwa kamodzikamodzi, ndiponso oyiloyo ali pa madigiri omwe buku latchula. Hilux zatsopano zilibe dipstick. Oyilo amathiridwa pabowo la m'mbali ndipo wopitirira amatuluka pa kabawuti kena ka pansi pa sampu, oyiloyo ali wofunda chabe, pa madigiri a m'ma 40. Ford 6R80 ili ndi ka dipstick kakafupi kobisika m'mbali mwa giyabokosi, pafupi ndi ekizozi yotentha, ndipo imayezedwa oyilo atafika madigiri a m'ma 80. Makaniko wopanda kompyuta yowerengera kutenthaku amangoyerekeza. Oyilo akachepa pampu imakoka mpweya ndipo timakilatchi timapsa. Akachuluka amachita thovu n'kumatulukira pakabowo kopumira ka pamwamba.

Ntchito ikatha, yendetsani galimoto mpaka giya zonse zitalowa, kenako muiimike pasimenti youma usiku wonse kuti muone ngati pali podontha. Lembani makilomita, mtundu wa oyilo ndi malita omwe alowa, chifukwa kapepala kameneka ndi komwe kadzauze makaniko wotsatira, kapena wodzagula pikapuyo, njira yomwe ayenera kutsata ulendo wina.