Chiponde: Chakudya Chochiritsa Ana Onyentchera

Chiponde cha kuchipatala ndi chakudya chimene chimaperekedwa kwa ana a miyezi 6 mpaka zaka 5 omwe anyentchera kwambiri. Mwana amaikidwa m'gululi ngati mkono wake, pakati pa phewa ndi chigongono, sukwana masentimita 11.5 kuzungulira kwake, kapena ngati watupa mapazi onse awiri.

Chakudyachi chinakonzedwa ku France m'chaka cha 1996 ndi dokotala André Briend mogwirizana ndi kampani ya Nutriset, ndipo chinatchedwa Plumpy'Nut. Mumakhala mtedza wopera, mkaka waufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere yofunika m'thupi. Paketi imodzi imalemera magalamu 92.

Popeza chiponde sichifuna kuphika kapena kuthira madzi, tizilombo sitiswanamo, choncho mwana amatha kuchira ali kunyumba. Njirayi inayamba kuyesedwa m'Malawi mu 2001 motsogozedwa ndi dokotala Mark Manary, ndipo mu 2007 mabungwe a WHO ndi UNICEF anaivomereza.

Komabe mwana amene akukana kudya, kapena ali ndi matenda ena aakulu monga chibayo, amagonekedwa m'chipatala. Kumeneko amayamba ndi mkaka wa F-75, umene thupi lofooka limatha kuulandira, asanapatsidwe chiponde.