Mpira wa Kumigodi ndi Malipiro a Khungu

Mpira wa ku Copperbelt, ku Zambia, unabadwira kumgodi, ndipo unayamwa tsankho la kumgodiko. Makampani a mkuwa atazika mizu ku Nkana, Mufulira, Luanshya ndi Nchanga m'zaka za m'ma 1930, anamangira azungu makalabu ndi mabwalo a kapinga, pamene anthu akuda ankathamangitsa chikopa pafumbi m'makomboni ngati Wusakile ku Kitwe. Mabungwe oyendetsa mpira analinso awiri, la azungu ndi la Aafirika.

Nkhani ya malipiro inagona apa: wosewera sankadya za mpira. Anali wantchito wa kampani, wolowa pansi m'mawa n'kukavala jezi madzulo, ndipo chimene ankalandira pakutha pa mwezi chinkatengera khungu lake. Ntchito zaluso zinasungidwira azungu, bungwe lawo la antchito a kumigodi la 1936 likulondera pakhomo. Anthu akuda atanyanyala ntchito mu 1940 pofuna malipiro abwino, asilikali anawombera ku Nkana ndipo anthu 17 anafa. Amene ankadzaza mabwalo Lamlungu anali antchito a kumgodi omwewa.

Bwalo linatsogola kusintha, ofesi yamalipiro n'kutsalira. Mu 1962 kunayamba ligi ya dziko lonse yosaona mtundu, Roan United ya ku Luanshya n'kutenga chikho choyamba. Ufulu utabwera mu 1964, Jackie Sewell, yemwe anasewerapo timu ya England, anali kaputeni wa Zambia. Komabe kumgodi mzungu ankalandirabe mowirikiza kangapo, mpaka komiti yofufuza za malipiro ya Brown mu 1966 inalangiza kuti anthu akuda awonjezeredwe 22 peresenti, mpata osatsekeka.

N'zosadabwitsa kuti akatswiri anayamba kuponya maso kunja. Mu 1967 Howard Mwikuta, Freddie Mwila ndi Emment Kapengwe anapita ku Atlanta Chiefs ku America, ndipo mu 1969 Mwila ndi Kapengwe analowa Aston Villa.

Migodi ya kampani ya boma ya ZCCM itagulitsidwa cha mu 2000, matimu ambiri anatsala amasiye. Lero palibe lamulo lolipira wosewera poona khungu, koma mnyamata wa ku Pamodzi ku Ndola amadziwa kuti ndalama zenizeni zili kutsidya kwa nyanja. Makampani amene akukumba mkuwa lero ali ndi ngongole kwa matimu a m'matauni awa, ndipo ayenera kuibweza.