Bletchley Park: nyumba yomwe chinsinsi chake chinatsala pang'ono kuigwetsa

Achinyamata anzathu, m'gawo la mbiri sabata ino tikupita ku England, mumzinda wa Milton Keynes, komwe kuli chinyumba chakale chotchedwa Bletchley Park.

Mu 1883 mpondamatiki wina, Herbert Leon, anagula malowa n'kukulitsa nyumbayo kuti azikhalamo ndi banja lake. Iye anamwalira mu 1926, mkazi wake mu 1937, malowa n'kugulitsidwa kwa munthu yemwe ankafuna kumangapo nyumba zambiri.

Koma mu 1938, nkhondo ikununkha, mkulu wa akazitape a Britain, Hugh Sinclair, anawagula ndi mapaundi 6,000. Nyumba ya banja ija inasanduka likulu lomasulira mauthenga achinsinsi a adani. Kumeneku ndi komwe katswiri wa masamu Alan Turing ndi anzake ankalimbana ndi Enigma, makina omwe asilikali a Germany ankabisira mauthenga awo. Mu 1944 kunayamba kugwira ntchito Colossus, imodzi mwa makompyuta oyambirira padziko lonse. Pofika 1945 ogwira ntchitoyi anali pafupifupi 10,000, ndipo atatu mwa anayi alionse anali akazi. Ambiri anali amisinkhu yathu yomweyi. Mavis Batey anayamba ntchito kumeneko ali ndi zaka 19 zokha!

Nkhondo itatha, onse anatseka pakamwa monga analumbirira, mpaka nkhaniyi inadzaululika m'zaka za m'ma 1970. Malowa anasanduka sukulu ya aphunzitsi komanso kophunzitsira antchito a positi ofesi ndi matelefoni. Pofika 1991 panali maganizo ogwetsa zomangidwa pamalopo, chifukwa kwa ambiri zinali zakale basi.

Chinapulumutsa malowa n'chiyani? Kagulu ka anthu okonda mbiri a m'deralo kanaitana agogo omwe anagwirapo ntchito nthawi ya nkhondo kuti adzatsanzikane nawo malowa. Atamva zomwe agogowo anafotokoza, anati ayi, pano sipagwetsedwa. Mu 1992 kunakhazikitsidwa bungwe la Bletchley Park Trust, ndipo lero anthu amapita kukaona makina ndi zipinda zija. Mu Novembala 2023 nthumwi za mayiko zinakumana pomwepo kukambirana za chitetezo pa nkhani ya AI.

Taonani, omwe anayambitsa ntchito yopulumutsa malowa sanali boma kapena anthu achuma, koma kagulu kakang'ono ngati kalabu yathuyi, komwe kanakhala pansi n'kumvetsera akuluakulu asanapite.