Dontho la Heinrich Braun

Kale sing'anga akafuna kung'amba mkono wa munthu ankayamba wamgoneka tulo ndi chloroform, ndipo ena sanadzukenso. Koma m'caka ca 1884 Carl Koller wa ku Vienna anaonetsa kuti madzi a cocaine akadonthezedwa m'diso, disolo licita dzanzi mwini wace ali maso. Posacedwa William Halsted wa ku New York anathira mankhwalawo pa mitsempha imene itengera ululu ku ubongo. Tsono mitsempha yotere ya mkono ituruka m'khosi, nilukana pamodzi isanatsikire kukhwapa. Mukathira pamenepo, mkono wonse ugona kufikira zala.

Cobvuta cinali mwazi. Mwazi sukhala cete: unakokolola mankhwalawo monga madzi osefukira akokolola mbeu m'dimba. Dzanzi linkatha nchito ili pakati, ndipo cocaine wofalikira m'thupi anakomola odwala, ena nafa. M'caka ca 1885 James Corning anamanga mkono ndi lamba kuti mwazi uime, ndipo dzanzi linakhalitsadi. Koma lamba apweteka, ndiponso ndani angamange munthu pakhosi?

Amene anamasula mfundoyi ndiye Heinrich Braun, sing'anga wa ku Leipzig m'dziko la Germany. Jokichi Takamine wa ku Japan anali atapatula adrenaline m'1901, ndiwo madzi ocokera m'tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, amene afinya mitsempha ya mwazi kuti icepe. Braun anasakaniza pang'ono ndi cocaine, nayesa pa mkono wace womwe, nalengeza zimene anapeza m'1903. Taonani nzeru yace: lamba uja analowa m'singano. Njira za mwazi zitacepa pamalopo, mankhwala anakhala pomwe anaikidwa, dzanzi linatalika, ndipo ululu wa cocaine unalowa m'thupi pang'ono pang'ono. Ife tiyesa dontho limeneli loposa zipangizo zambiri zonyezimira za m'cipatala.

Novocaine, wofatsa koposa cocaine, anafika m'1905. Koma iye atha msanga, ndipo popanda adrenaline sakadathandiza kwenikweni. M'1911 Georg Hirschel analasa mitsempha ija ndi singano m'khwapa, ndi Diedrich Kulenkampff pamwamba pa fupa lopingasa la paphewa, atayamba wadzilasa yekha. Asing'anga a masiku ano asakaniza gawo limodzi la adrenaline m'magawo 200,000, ndipo ena aonjeza dexamethasone, kuti wodwala amene anamlumikiza fupa masana agone usiku mkono usanayambe kuwawa.