Merikani: dzina la nsalu limene linaposa eni ake moyo

Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba nsalu zawozawo. Kwina anthu ankavala chiwondo, khungwa la mtengo lofewetsedwa polimenya. Nsalu zoterezi zinali zomanga m'chiuno kapena pachifuwa. Kudula ndi kusoka zovala kunafala pamene nsalu za amalonda zinachuluka, ndipo yotchuka koposa inali merikani.

Dzinalo likudziulula lokha. Inali nsalu yoyera ya thonje yowombedwa m'mafakitale a ku Massachusetts, imene zombo za ku Salem zinkatula ku Zanzibar, makamaka kuyambira pa pangano la malonda la 1833 pakati pa America ndi Sultan Seyyid Said. Kuchokera kunyanja ya mchere, Aswahili ndi Ayao ankaisenza kulowa nayo kumtunda, nayezedwa m'mikono ndi m'mikwamba ngati ndalama. Ndi nsalu yomweyi anagulira minyanga ya njovu, ndiponso anthu. Mbali imeneyi ya mbiri yake siyenera kubisika pansi pa kuyera kwake.

Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itabuka mu 1861, katunduyo anasowa, ndipo patapita nthawi mafakitale a ku Bombay analanda msika. Koma dzina silinasunthe: nsalu ya ku India inkagulitsidwabe kuti merikani. Ogula sankapusitsika msanga; ankaipekesa ndi zala kuti aone ngati kukhuthala kwake kunali kwa ulusi kapena kwa phala lopakidwa pamwamba, limene limatha pa kuchapa koyamba.

Luso la zala limenelo ndilo linalowa m'nyumba pamodzi ndi makina a Singer. Mayi wosoka ankadziwa kuti thonje latsopano limafupika likalowa m'madzi, motero ankayamba waliviika, kuliyanika ndi kulisita asanalikhudze ndi sizasi. Kaniki, nsalu yakuda mobiriwira yochokera ku India, ankaichapa payokha chifukwa imasuluka. Wodula mopupuluma ankasokera mwana diresi limene Lamulungu lachiwiri linali litakwera kale pamwamba pa mawondo.

Ufulu utabwera, mafakitale a David Whitehead ku Blantyre, Kafue Textiles ndi Mulungushi Textiles ku Kabwe anapatsa osoka nsalu za thonje la kwathu konkuno. Kutsegulidwa kwa misika m'zaka za m'ma 1990, pamodzi ndi kaunjika, amene ku Zambia amati salaula, kunawafooketsa kwambiri.

Lero chitenje chambiri cha pamsika wa Limbe, Chipata kapena Tete nchapoliyesitala, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti ncha thonje. Sichifupika, inde, koma chimatentha m'mwezi wa Okutobala ndipo chimakwinyika pamsoko. Osoka odziwa amasolola kaulusi kumphepete nakayatsa ndi machesi: thonje limanyeka ngati pepala nkusiya phulusa, pamene poliyesitala amasungunuka nkuuma ngati kamkanda kakuda.