Nambala za chipatala za anthu wamba ovulala ndi mabomba pa nkhondo

Nambala za chipatala za anthu wamba ovulala ndi mabomba pa nkhondo ndi zizindikiro za malembo ndi manambala zomwe zipatala zimalemba mu fayilo ya wodwala posonyeza kuti munthu amene si msilikali anavulala chifukwa cha kuphulika kwa zida zankhondo. Nambalazi zimachokera mu buku la ICD, lomwe ndi mndandanda wa matenda ndi zoyambitsa imfa wokonzedwa ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO.

Chiyambi

Buku la ICD-10 linavomerezedwa ndi msonkhano waukulu wa WHO mu 1990, ndipo mayiko anayamba kuligwiritsa ntchito mu 1994. Mutu 20 wa bukuli umafotokoza zinthu zakunja kwa thupi zomwe zimavulaza kapena kupha munthu. Mu mutuwu, gulu la Y36 ndi la zochitika za pa nkhondo, kuphatikizapo nkhondo yapachiweniweni. Y36.0 ndi ya zida zophulika m'madzi, Y36.1 ndi ya kuwonongedwa kwa ndege, pomwe Y36.2 ndi ya mabomba ena ndi zidutswa zake. Y36.8 ndi ya kuvulala kochitika nkhondo itatha kale. Buku la WHO limaika asilikali ndi anthu wamba pa nambala imodzi, osawasiyanitsa.

Kusiyanitsa msilikali ndi munthu wamba

Dziko la United States linakulitsa bukuli ndi kupanga lake lotchedwa ICD-10-CM, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2015. Mu buku limeneli, chizindikiro chachisanu ndi chimodzi cha nambala za mabomba chimanena za munthu wovulalayo: 0 ndi msilikali, 1 ndi munthu wamba. Motero Y36.211 ndi munthu wamba wovulala ndi bomba loponyedwa kuchokera m'mlengalenga, Y36.231 ndi wovulala ndi bomba lopanga pamanja lotchedwa IED, ndipo Y36.201 imalembedwa ngati mtundu wa bombalo sunatchulidwe.

Kumapeto kwa nambala kumabwera lembo limodzi. A amatanthauza kuti wodwala akulandira chithandizo chenicheni cha bala lake, D amatanthauza kuti ali m'nyengo yochira, ndipo S amasonyeza vuto lotsalira, monga kusamva komwe kwapitirira bala litapola. Kuvulala pa ntchito za asilikali nthawi ya mtendere kuli ndi gulu lake la Y37, ndipo za uchigawenga zili mu Y38.

Kagwiritsidwe ntchito

Nambala ya Y36 siyikhala yokha kapena yoyamba pa fayilo, chifukwa imangonena chomwe chinachititsa kuvulalako. Wolemba amayamba ndi nambala ya bala lenileni, yochokera mu mutu 19, yoyamba ndi S kapena T. Mwachitsanzo, mayi amene waduka mwendo m'munsi mwa bondo ndi bomba la IED amalembedwa nambala ya gulu la S88, kenako Y36.231A.

Kawirikawiri munthu mmodzi amakhala ndi nambala zingapo, popeza bomba limavulaza m'njira zinayi. Mphamvu ya mpweya wa kuphulikako imaboola nembanemba ya m'khutu ndi kuwononga mapapo kapena matumbo. Zidutswa zouluka zimalowa m'thupi. Munthu amathanso kuponyedwa ndi kuthyoka mafupa. Njira yachinayi ndi zina zonse, monga kupsa, kupuma utsi kapena kugweredwa ndi nyumba. Wolemba nambala saloledwa kungoganizira. Amatsatira zomwe dokotala walemba.

Mabomba otsala nkhondo itatha

Mabomba okwirira pansi amapitiriza kuvulaza alimi ndi ana patapita zaka zambiri mfuti zitaleka kulira. Mu ICD-10-CM, munthu wamba woponda bomba lotere amalembedwa Y36.811. Vutoli linaoneka kwambiri ku Mozambique, komwe nkhondo yapachiweniweni inayamba mu 1977 ndi kutha mu 1992, koma ntchito yochotsa mabomba inapitirira mpaka mu Seputembala 2015, pomwe boma linalengeza kuti minda yonse ya mabomba yodziwika yachotsedwa.

Kufunika kwake

Nambalazi zimathandiza kudziwa kuchuluka kwa anthu wamba ovulala, mtundu wa zida zowavulaza, komanso magazi, madokotala a opaleshoni ndi miyendo yochita kupanga zomwe zikufunika. Kwa wovulalayo, fayilo yolembedwa bwino imakhala umboni pofuna chithandizo kapena chipukuta misozi. Mu Novembala 2022, mayiko oposa 80 anavomereza chikalata ku Dublin chofuna kuteteza anthu wamba ku zida zophulika m'malo okhala anthu ambiri, ndipo chikalatacho chimalimbikitsa kusonkhanitsa ziwerengero zotere.

Zovuta

Pa nthawi ya nkhondo zipatala zimawonongeka, mafayilo amatayika, ndipo ambiri amafera pamalo a ngozi osalembedwa paliponse. Nthawi zina n'kovuta kudziwa ngati wovulala anali womenya nkhondo kapena ayi, komanso ngati kuphulikako kuikidwe pa nkhondo kapena pa uchigawenga. Buku latsopano la ICD-11, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022, lili ndi gawo lake la zovulala za pa nkhondo, ndipo mayiko akusamukirako pang'onopang'ono.