Malipenga ku Uliwa: mbiri yake, kaphunziridwe kake ndi njira zowasungira

Malipenga ndi gule wa amuna amene amavinidwa kwambiri m'mbali mwa nyanja ya Malawi, kuyambira ku Nkhata Bay mpaka ku Karonga. Ovina amafola m'mizere ngati asilikali pa perete, atavala zoyera, ndipo amaponda motsatira ng'oma, wezulo ndi kulira kwa zikho zimene zidapatsa guleyu dzina lake. Ngakhale ndi gule wa zaka zongopitirira pang'ono 100, anthu a m'maderawa amamuwerengera pamodzi ndi miyambo ya makolo. Nyimbo ndi masitepe ake sizidalembedwe m'buku lophunzitsira, kotero moyo wa guleyu umadalira kuti chaka ndi chaka papezeke achinyamata ophunzira kwa akuluakulu.

Dera lake

Uliwa ndi malo a zamalonda pa msewu wa M1, kummwera kwa boma la Karonga, m'dera la Mfumu Yaikulu Wasambo. Ali pafupi ndi doko la Chilumba, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera pa boma. Anthu ambiri kumeneko amayankhula Chitumbuka ndipo amadalira usodzi, ulimi wa mpunga ndi chinangwa komanso malonda. Kumpoto kwa bomali kuli Angonde a Mfumu Yaikulu Kyungu, pamene kummwera, mukadutsa magombe a boma la Rumphi, mumalowa kwa Atonga a ku Nkhata Bay, amene amatchuka kwambiri ndi malipenga.

Uliwa ali pakati pa mavinidwe awiri a gule mmodzi. Atumbuka ndi Atonga amati malipenga, pamene Angonde amati mapenenga, ndipo kavinidwe kawo kamadziwika ndi kudekha ndi kunyadira, osati liwiro.

Kumene adachokera

Mizu ya malipenga ili ku gombe la kummawa kwa Africa. M'zaka za m'ma 1890, m'matauni a Aswahili monga Mombasa ndi Lamu mudabuka magulu opikisana kuvina amene ankatsanzira magulu oimba a asilikali a Azungu. Gule wawo adatchedwa beni, dzina lochokera ku mawu a Chingerezi otanthauza gulu la oimba. Katswiri wa mbiri yakale Terence Ranger adafotokoza kufalikira kwa guleyu m'buku lake la mu 1975 lotchedwa Dance and Society in Eastern Africa.

Chidafalitsa beni ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918, imene makolo athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya potengera mfuti yolira mosalekeza. Karonga adali pa mzere wakutsogolo. Pa 9 September 1914 asilikali a King's African Rifles adamenyana ndi gulu la nkhondo la Germany lochokera ku dziko limene lero ndi Tanzania, ndipo manda a ena mwa amene adafa pa nkhondoyo alipobe pa boma la Karonga. Amuna oposa 200,000 a dziko lino, limene panthawiyo linkatchedwa Nyasaland, adalowetsedwa m'nkhondoyo, ochepa ngati asilikali ndipo ambiri ngati atengatenga onyamula katundu.

Amene adapulumuka adabwerera kumudzi ataona perete, maudindo a usilikali, malipenga a mkuwa ndi beni. Dera lililonse lidaumba zimenezi m'njira yake. Kwa Ayao a ku Mangochi, Machinga ndi Zomba dzina la beni lidatsala. M'chigawo chapakati ndi kummawa kwa Zambia mudabadwa mganda, ku migodi ya Copperbelt kudatchuka kalela, ndipo m'mbali mwa nyanja kumpoto kudabadwa malipenga. Akatswiri amasiyana maganizo ngati ovina oyambirira ankasirira Azungu kapena ankawanyogodola mochenjera. Christopher Kamlongera, mphunzitsi wa zisudzo ku Chancellor College, adalemba mu 1986 kuti malipenga ndi sewero losakaniza zachilendo ndi zakwathu.

Boma, zida ndi zovala

Gulu la malipenga limatchedwa boma, potsanzira likulu la ulamuliro wa atsamunda. Mtsogoleri wake ndi kingi, ndipo pansi pake pamakhala maudindo monga kaputeni ndi dokotala. Aliyense ali ndi ntchito yake: wina amayang'anira mwambo, wina amaongola mizere, wina amasunga ndalama zimene mamembala amasonkha.

Zida zazikulu ndi ng'oma yaikulu ya zikopa mbali zonse ziwiri, yofanana ndi ya asilikali, ng'oma yaing'ono yothandizira, wezulo ya wotsogolera ndi malipenga enieniwo. Lipenga limapangidwa ndi chikho chouma cha khosi lalitali. Mmisiri amachiboola, n'kumata pa kabowo kamodzi kachikopa koyera kamene kangaude amakutira nako mazira ake, ngakhale masiku ano ambiri amamatapo pulasitiki yopyapyala. Woimba sauzira mpweya chabe ngati pa lipenga la mkuwa. Amang'ung'udza nyimbo m'chikhomo, kachikopa kaja n'kumanjenjemera ndi kukuza mawu. Zikho zazing'ono zimatulutsa mawu okwera, zazikulu mawu a besi. Mu mganda chida chomwechi chimatchedwa badza.

Zovala nazo ndi mbali ya gule. Ovina amavala makabudula kapena mathalauzi oyera, malaya ositidwa bwino, masokosi aatali ndi nsapato zopolisha, ndipo ena amawonjezera tayi, chipewa ndi ndodo. Ukhondo umawerengedwa pa mpikisano monga mmene amawerengera masitepe.

Mmene munthu amaphunzirira

Sukulu ya malipenga ndi boma lenilenilo. Kukonzekera kumachitika madzulo m'nyengo yachilimwe, anthu atakolola. Ana amayamba ndi kuonerera, kenaka amatsanzira cha pambali akuomba zitini ndi zigubu. Mnyamata amene waonetsa chidwi amalowetsedwa kumapeto kwa mzere, kumene amatsata mapazi a amene ali patsogolo pake. M'mera mpoyamba: amene wazolowera kumva ng'oma ali mwana savutika kugwira sitepe akakula.

Wophunzira amafunika kudziwa zinthu zinayi. Choyamba ndi kumva ng'oma ndi wezulo, pakuti ndi zimene zimalamula nthawi yotembenuka, yowerama ndi yosintha sitepe. Chachiwiri ndi nyimbo, chifukwa munthu sangalize lipenga asanaigwire nyimboyo pakamwa. Chachitatu ndi kupanga ndi kukonza zida: kusankha chikho, kufufuta chikopa ndi kukunga ng'oma. Chachinayi ndi mwambo wa boma, monga kusunga nthawi, kulemekeza maudindo ndi kulandira alendo.

Mayeso a zonsezi ndi mpikisano. Boma lina limaitana maboma a midzi ina, kuwalandira ndi kuwadyetsa, ndipo magulu amalowa m'bwalo mosinthana anthu akuonerera. Popeza palibe boma lofuna kuchita manyazi pamaso pa anzake, gulu lililonse limapeka nyimbo ndi masitepe atsopano. Nyimbozo zimakamba za ulendo, chikondi, imfa ndi makhalidwe a anthu a m'mudzi. Mpikisano ukasiya kuchitika, chifukwa chokonzekera chimatha, ndipo kuphunzira kumathera pomwepo.

Magule ena a m'derali

Malipenga ali ndi anzake. Amayi a ku Karonga amavina ndolo, Angonde ali ndi ndingala ya ng'oma zikuluzikulu, ndipo amayi a Chitonga amavina chilimika polandira chaka chatsopano, gule amene adatengera dongosolo lake ku malipenga. Pakati pa Atumbuka palinso vimbuza, gule wa machiritso amene amishoni ankaletsa koma sadathe.

Bungwe la UNESCO lidalengeza vimbuza ndi gule wamkulu kukhala chuma cha anthu a dziko lonse mu 2005, ndipo lidawalowetsa m'kaundula wake mu 2008. Tchopa wa Alhomwe adalowa mu 2014, pamene mwinoghe wa Asukwa, Andali ndi Abandya a ku Chitipa adalowa mu 2018. Malipenga sali m'kaundulayu. Komanso kulowamo kumangobweretsa ulemu ndi mwayi wopempha thandizo, pakuti pangano la UNESCO la mu 2003, limene Malawi adavomereza mu 2010, limasiya udindo wosamala miyambo m'manja mwa dziko ndi eni mwambowo.

Zimene zikuopseza guleyu

Vuto loyamba ndi kusowa kwa olowa m'malo. Anyamata ambiri a msinkhu wovina amapita ku Mzuzu, Lilongwe, Tanzania kapena ku Joni kukafuna ntchito, ndipo otsala amatanganidwa ndi usodzi, kabaza ndi geni. Lachiwiri ndi ndalama: yunifolomu, nsapato, mayendedwe ndi chakudya cha alendo zimafuna thumba lolimba. Lachitatu ndi zipangizo, pakuti mitengo ikuluikulu yosemera ng'oma ikusowa ndipo amisiri odziwa kukunga ng'oma akukalamba.

Palinso vuto lobisika. Kuyambira nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda, magule akhala akuvinidwa pa misonkhano ya ndale ndi ya chitukuko. Kumeneko gulu limapatsidwa mphindi zochepa, ndipo limasankha nyimbo ziwiri kapena zitatu zokondweretsa mlendo wolemekezeka. Gule amaoneka wamoyo, koma nyimbo zimene sizipeza mpata zimaiwalika pang'onopang'ono.

Phunziro la ku Philippines

Dziko la Philippines, la zilumba zoposa 7,000 kummwera chakummawa kwa Asia, lidakumana ndi mavuto ofanana ndi amenewa, ndipo njira zimene lidatsata ndi zothandiza kuziona. Nalonso lili ndi chuma chobwereka kwa atsamunda. Rondalla, gulu la zida za nsambo monga bandurria, idachokera ku Spain, dziko limene lidalamulira zilumbazi kwa zaka zoposa 300, koma lero ndi nyimbo ya eni dziko, monga malipenga alili kwathu kuno.

Njira yoyamba idali kulemba. Kuyambira mu 1921, mphunzitsi wamkazi Francisca Reyes-Aquino adayendera midzi akulemba masitepe, nyimbo ndi zovala za magule. Adasindikiza mabuku, ndipo magulewo adalowa m'maphunziro a masewero olimbitsa thupi m'sukulu. N'chifukwa chake ana ambiri a m'dzikomo amadziwa tinikling, gule wodumpha pakati pa nsungwi ziwiri zimene anthu ena awiri amaziombanitsa, potsanzira kayendedwe ka mbalame yotchedwa tikling. Boma lidamulemekeza mu 1973 ngati katswiri wa luso wa dziko lonse.

Njira yachiwiri idali ya pa nsanja. Gulu la Bayanihan, limene lidayambira pa Philippine Women's University m'zaka za m'ma 1950, lidatchuka pa chionetsero cha dziko lonse ku Brussels mu 1958, ndipo mu 1998 lamulo lidalikhazikitsa kukhala gulu la magule la dziko. Dzina lake limatanthauza kugwirira ntchito pamodzi, ngati dima kwathu kuno. Komabe gule wa m'buku ndi wa pa nsanja amakhala wodulidwa ndi wokongoletsedwa kuti akomere oonerera, ndipo amasiyana ndi wa kumudzi.

Njira yachitatu idabwezera ntchitoyi kumudzi. Mu 1995 nthambi ya boma yoona za chikhalidwe idayambitsa masukulu a miyambo yamoyo, otchedwa Schools of Living Traditions. Katswiri wa m'mudzi, kaya ndi woimba, wovina kapena woluka nsalu, amaphunzitsa kagulu ka achinyamata a mtundu wake komweko, boma likuthandiza ndi ndalama. Mu 2021 UNESCO idaika njirayi pa mndandanda wa zitsanzo zabwino zosungira miyambo.

Zimene zilipo kale kwathu

Malawi sakuyambira pa chabe. Hugh Tracey adajambula nyimbo za m'dziko lino m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music pa Rhodes University ku South Africa. Wailesi ya MBC nayo ili ndi nkhokwe ya nyimbo za makolo zimene idajambula m'maboma. Pa boma la Karonga pali Cultural and Museum Centre Karonga, imene idatsegulidwa mu 2004 ndipo imasunga mbiri ya derali kuyambira pa mafupa a Malawisaurus mpaka nkhondo ya 1914. Miyambo ya pachaka monga Gonapamuhanya ku Bolero m'boma la Rumphi ndi chikondwerero cha chikhalidwe cha Karonga ndi Chitipa pa phiri la Mbande imapereka bwalo kwa ovina. M'sukulu za pulayimale muli phunziro la Expressive Arts, ndipo dziko lili ndi ndondomeko ya chikhalidwe ya mu 2015.

Chimene chimalumikiza zonsezi ndi mphunzitsi wa m'mudzi. Sukulu ya m'mudzi imene anthu a ku Philippines adachita kuikhazikitsa ndi ndalama za boma, malipenga ali nayo kale m'maboma ake. Chofunika ndi kuichirikiza. Sukulu za ku Uliwa ndi Chilumba zingathe kuitana makingi ndi oimba ng'oma kuti aziphunzitsa pa nthawi ya Expressive Arts. Khonsolo ya boma, mafumu ndi amalonda angathandize mipikisano ya pakati pa midzi ndi mayendedwe ndi chakudya, m'malo moitana magulu pa misonkhano yokha. Achinyamata okhala ndi mafoni angajambule nyimbo yonse, dzina la woipeka, tanthauzo lake ndi kapangidwe ka lipenga, n'kusiya zojambulazo kwa eni boma komanso ku nyumba yosungira mbiri ija. Anthu ochokera m'derali amene akukhala m'mizinda angagulire boma la kwawo yunifolomu kapena chikopa cha ng'oma.

Muyeso woona ngati ntchitoyi ikuyenda ndi wosavuta. Kukonzekera kukayamba chilimwe chikubwerachi, kumapeto kwa mzere kuyenera kupezeka anyamata amene chaka chatha adali oonerera chabe.